Funsani Achimwene: bilu ya bungwe la ma Realtor, alipire ndani, broker kapena ejenti?

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa abale athu amene alowa ntchito yogulitsa nyumba ku America, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi, ndalama za umembala wa bungwe la ogulitsa nyumba, la ma Realtor, kuti alipire ndani, ejenti amene amagulitsa kapena broker, mwini ofesi amene ejentiyo amagwira ntchito pansi pake. Ndasankhapo anayi, mayina ndachotsa ngati kale.

Achimwene, ine ndili ku Texas, ndamaliza maola 180 a sukulu aja, mayeso ndakhoza, laisensi yatuluka mwezi wathawu. Ndapeza broker wa kampani yaing'ono woti ndikhale pansi pake, munthu wabwinobwino ndithu, koma tsiku lachiwiri lomwe wandipatsa fomu akuti ndikalembetse ku bungwe la ma Realtor la m'dera lathu mwezi usanathe, apo ayi sangandisunge. Nditaona ndalama zake ndinachita kukhala pansi, ine nyumba olo imodzi sindinagulitse. Kodi laisensi ya boma siyokwanira? Kapena bamboyu akudyapo kenakake?
Mlongo wanu, ku Texas

Achemwali, choyamba mwachita bwino pa mayesowo, si onse amakhoza ulendo woyamba. Ndiye mtima ukhale pansi, bamboyo sakudyapo kanthu, akungozemba bilu imene ikagwera iyeyo inu mukapanda kulowa.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasakaniza. Laisensi ndi ya boma la state, kwa inuyo yachokera ku Texas Real Estate Commission, ndipo imeneyo ndi yomwe imakulolani kugulitsa nyumba za anthu bola mukhale pansi pa broker. Lamulo la boma lathera pomwepo, palibe pamene likunena kuti mulowe bungwe. Bungwe ndi nkhani ina, ndi la anthu a ntchitoyi okhaokha. Lalikulu lake ndi National Association of Realtors, anthu amangoti NAR, linayamba mu 1908 ku Chicago, ndipo dzina loti Realtor lija ndi lawo, analembetsa ngati chizindikiro cha bungwe. Munthu wa laisensi amene sali membala ndi ejenti ndithu, koma sangadzilembe Realtor pa khadi lake kapena pa Facebook.

Ndalama zakuchulukirani chifukwa simukulowa bungwe limodzi, mukulowa atatu nthawi imodzi. Mukasaina ku bungwe la m'dera lanu ndiye kuti mwalowanso la state, kwanuko Texas Realtors, komanso NAR, amati three-way agreement, ndipo simungasankhe kuti ine ndikufuna la pafupi lokhali. Invoyisi imabwera imodzi kuchokera ku bungwe la m'dera, iwo ndi amene amatumiza magawo enawo kumtunda. Gawo la NAR lokha mu 2024 linali madola 156, kuwonjezerapo 45 ya zotsatsa malonda, ndiye 201, pamwamba pake pabwere ya state, ya m'dera, ndalama yolembetsera ya ulendo woyamba, kenako MLS, kaundula wa nyumba zogulitsa, ndi kiyi wa lockbox, kabokosi kosungira makiyi pakhomo la nyumba yogulitsa, zomwe nthawi zambiri zimalipidwa padera.

Tsono chimene chikumuthamangitsa broker wanu ndi ichi. Kampani iliyonse imene mwini wake ali membala imakhala ndi munthu mmodzi amene bungwe limamudziwa kuti uyu ndiye woyankha za ofesiyi, amamutcha Designated Realtor, ambiri amangoti DR. Ndalama zimene DR amalipira sizake yekha ayi. Bungwe limawerenga ma laisensi onse amene ali pansi pake, amene ali mamembala amadzilipirira okha, koma aliyense amene sanalowe, DR amamuwonjezera bilu pa dzina limenelo. Ndipo chowawa chake nchoti olo alipire, inu simukhala membala, dzina la Realtor mulibe, mafomu a bungwe simugwiritsa ntchito, ndalama yangopita. Ndiye broker wa kampani yaing'ono akaona choncho amangoti aliyense wobwera pano alowe basi. Sindingamunene kuti walakwa, chomwe walakwitsa nchoti sanakufotokozereni musanasaine, zimenezi amayenera kukuuzani tsiku loyamba lomwe munakumana.

Njira zilipo. Mutha kufunafuna broker amene iyeyo sali membala, kumeneko palibe adzakukakamizeni. Koma musanathamange funsani za MLS, chifukwa mpamene pagona nkhani. MLS ndi kaundula uja ma broker amaikamo nyumba zimene akugulitsa, mitengo imene nyumba zina zinagulidwira, malangizo a kaonetsedwe ka nyumba, zonse. Ma MLS ambiri eni ake ndi mabungwe a ma Realtor omwewa, ndipo m'madera ambiri kuti mulowemo mpaka mukhale membala. Kuli malo ena kumene makhothi anatsegula chitseko, ku California kuchokera pa mlandu wa 1976, ndi ku Georgia, Florida ndi Alabama kuchokera pa mlandu wa Thompson wa 1991, kumeneko munthu wosakhala Realtor amatha kulowa MLS. Texas sili m'gulu limenelo, ndiye imbirani MLS ya kwanuko mumve okha malamulo awo. Ejenti wa nyumba zogona anthu wopanda MLS amavutika kwambiri, kasitomala akufunsani nyumba imene yatuluka m'mawa uno inu simukuiona.

Langizo langa, ngati mwatsimikiza kuti ntchitoyi muigwira, lowani. Koma funsani zinthu zingapo. Mabungwe ambiri amachepetsa ndalama malinga ndi mwezi umene mwalowa, wolowa mu September salipira ngati wolowa mu January, ndiye onani ngati invoyisi yanu yawerengedwa choncho. Pa invoyisipo muonanso mzere wolembedwa RPAC, imeneyo ndi ndalama ya ndale, ndi yongofuna mwini, mutha kuichotsa ndipo umembala wanu sukhudzidwa. Anthu ambiri atsopano amalipira osadziwa chifukwa imabwera yowonkhetsedwa kale. Ndipo sungani ma risiti, poti ma ejenti ambiri amawerengedwa ngati odziyimira paokha pa nkhani ya msonkho, gawo lina la ndalamazi limalowa pa ndalama zoyendetsera bizinesi zimene zimachotsedwa powerengera msonkho, kupatula gawo limene bungwe limagwiritsa ntchito pokopa andale, lomwe amalilemba poyera chaka chilichonse.

Bwana mkonzi, ine ndine broker, ndili ndi ma ejenti asanu ndi awiri. Bungwe lathu landitumizira bilu ya anthu awiri. Mmodzi anachoka kwanga miyezi inayi yapitayo, tinasiyana bwinobwino, ndinamuchotsa ku boma tsiku lomwelo. Winayo ndi mayi wina, ndi namwino, laisensi ali nayo koma sagulitsa, amangonditumizira anzake a kuntchito akafuna nyumba ine nkumupatsa kangachepe. Akuti ndikapanda kulipira ayimitsa ofesi yonse. Zoona zimenezi? Anthu asanu ndi mmodzi osalakwa avutike chifukwa cha awiri?
Broker wodandaula

Bambo, zoona, atha kutero, ndipo ndikupemphani musadikire kuti muone ngati akunena zoona. Umembala wa ma ejenti anu wapachikika pa wanu. DR akayimitsidwa, onse a pansi pake amakhudzidwa, ndipo ku MLS nakonso inuyo ndi amene mumawerengedwa ngati participant, ma ejenti ndi ma subscriber olowera pa dzina lanu, ndiye chitseko chanu chikatsekedwa chawonso chatsekedwa.

Izi ndinaziona ndi maso pa ofesi ina imene ndinkathandiza za mapepala. Linali Lachisanu masana, mtsikana wina ejenti waima pakhomo la nyumba ndi banja lofuna kugula, ana awiri ali m'manja, akudina foni kuti lockbox itseguke, osatseguka. Akuyesanso, osatseguka. Anaimba ku ofesi mawu akunjenjemera, ife kuyang'ana, iyeyo zake zonse analipira kalekale, vuto linali dzina la munthu wina amene anasiya ntchito chaka chapitacho koma linali likadali pa mndandanda wathu ku bungwe, makalata okumbutsa ankapita ku imelo yakale imene panalibe ankaitsegula. Tinalipira madzulo omwewo koma zinadzatseguka Lolemba, banja lija linali litapita kwa ejenti wina. Mtsikanayo analira, ndipo mpaka lero ndikakumbuka zimandipweteka chifukwa iye sanalakwe chilichonse.

Pa munthu woyamba uja, cholakwika nchoti munauza boma lokha. Boma ndi bungwe ndi maofesi awiri osiyana, mukachotsa munthu uku simunamuchotse uko. Mabungwe amayerekeza mndandanda wawo ndi wa boma inde, koma amachita nthawi ndi nthawi, osati tsiku lililonse, ndipo kawirikawiri amafulumira kuona dzina limene lawonjezeka kuposa limene lachoka. Tumizani fomu yawo yochotsera munthu, muphatikize umboni wa ku boma woonetsa tsiku limene anachoka, mupemphe kuti bilu ikonzedwe. Zambiri zotere zimatha ndi imelo imodzi ndi foni imodzi kwa munthu wa membership, bola mulankhule naye mwaulemu, nayenso amakhala ndi mayina mazanamazana pa kompyuta.

Za mayi namwino zili ndi njira yake yovomerezeka. Malamulo a NAR amalola DR kukhala ndi kampani ina yapadera ya ma referral okhaokha, ena amaitcha LFRO. Ma laisensi amene ali m'kampani imeneyo sawerengedwa pa bilu yanu, koma pali zofunika, anthuwo ntchito yawo ikhale yongotumiza makasitomala kwa inu basi, osalemba nyumba, osaonetsa nyumba, osagulitsa, osachita za lendi, ndipo chaka chilichonse mumapereka ku bungwe mndandanda wa mayina awo mutasainira. Laisensi ya mayiyo isamutsidwire kumeneko ku boma, osati kungonena pakamwa kuti uyu sagulitsa. Ndipo muwauze mayiwo momveka, tsiku limene adzatsegulire mnzawo chitseko cha nyumba kuti angoona, kukhululukidwa kuja kwatha ndipo bilu ibwerera kwa inu. Kutsegula kampani yachiwiri kuli ndi ndalama zake ku boma, ndiye ngati ndi munthu mmodzi yekha werengerani kaye, mwina nkwapafupi kuti mayiwo akaike laisensi ku kampani ya ma referral ya munthu wina, kapena alowe umembala ngati zimene amapezazo zikukwanira.

Chaka chino bilu ya mayiwo mwina simuithawa, chifukwa pa miyezi yapitayi laisensi inalidi pansi panu. Lipirani, kenako mukambirane nawo.

Kutsogoloku, khalani ndi mndandanda umodzi wanuwanu, olo pa Excel, dzina, nambala ya laisensi, tsiku imene ikutha, nambala ya umembala, tsiku limene analowa, ngati walipira. Kamodzi pa mwezi muutsegule pambali pa wa boma ndi wa bungwe muone ngati itatuyi ikufanana, ndi ntchito ya mphindi khumi kwa anthu asanu ndi awiri. Munthu watsopano akabwera, fomu ya bungwe asaine tsiku lomwe akusaina mgwirizano wanu, ndipo mu mgwirizanomo mulembemo kuti ndalama za umembala alipira ndani, komanso kuti akapanda kulipira pofika tsiku lakuti laisensi mubweza ku boma. Zikumveka zouma koma zimateteza ubale, palibe amadzati simunandiuze. Ma invoyisi a chaka chatsopano ambiri amatuluka chakumapeto kwa chaka, nthawi yomwe malonda a nyumba amakhala atazizira ndipo anthu ndalama zapita ku zikondwerero, ndiye yambani kuwakumbutsa msanga.

Musaiwalenso maphunziro. Membala aliyense amayenera kuchita maphunziro a Code of Ethics, malamulo a khalidwe a bungwe, a maola awiri ndi theka pa zaka zitatu zilizonse, ndime yapitayi inatha pa 31 December 2024, yatsopano ikuyenda kuyambira 2025 mpaka kumapeto kwa 2027, ndipo ulendo uno awonjezera maola awiri a za fair housing, zoletsa tsankho pa nkhani ya nyumba. Wosachita, ndime ikatha amayimitsidwa January ndi February, ikafika 1 March umembala watha. Ndiye taonani mmene zimalumikizirana, umembala wa ejenti ukatha koma laisensi ikadali kwa inu, wasanduka wosakhala membala wa pansi panu, bilu ija yabweranso pa tebulo lanu. Ikani tsikulo pa mndandanda womwe uja.

Achimwene, ndikufuna kusamuka kampani pakati pa chaka. Ndilipiranso zonse? Ndipo kampani yatsopanoyo ili m'bungwe la tawuni ina.
Ejenti wa chaka chachitatu

Ayi mphwanga, gawo la NAR limalipidwa kamodzi pa chaka, la state chimodzimodzi ngati simukutuluka mu state, ndipo nambala yanu ya umembala ya manambala 9 ija, imene kale ankati NRDS pano akuti M1, ndi yanu, imakutsatirani. Chomwe mungalipire ndi kandalama kosinthira ofesi, ndi gawo la bungwe latsopanolo ngati mukusinthadi bungwe. Zomwe munalipira ku lakale sabweza.

Lamulo lake ndi loti mutha kulowa bungwe limene mukufuna bola DR wa kampani yanu akhale membala kumeneko. Ndiye funsani broker watsopanoyo ngati ali ndi umembala, olo wa secondary, wachiwiri wowonjezera, ku bungwe lanu lapano. Ngati ali nawo mungokhala pomwepo, ngati alibe musamuka, mukatenge kalata yoti mulibe ngongole ku lakalelo. Chimodzi chokha musaiwale, nyumba zimene munalemba pa MLS ndi za broker wakale osati zanu, kuti mupite nazo mpaka iye avomere, ndiye kambiranani musanatsanzike.

Achimwene, tamva za milandu ija NAR inaluza, makampani ena akuluakulu akuti sakukakamizanso anthu kulowa. Ine ndine broker wamng'ono, mzimayi wakuda, ndipo nditawerenga mbiri ya bungweli mtima unandiwawa. Nditulukemo ndi anthu anga?
Mayi broker, ku Georgia

Mayi, funso lanu ndalitenga mozama chifukwa mbiri imene mwawerengayo ndi yoona. Kwa zaka zambiri anthu akuda ankawatsekera kunja kwa mabungwe amenewa, nchifukwa chake mu 1947 ku Tampa, Florida, anayambitsa lawo, National Association of Real Estate Brokers, ndipo poti dzina la Realtor sakanaligwiritsa ntchito anadzitcha ma Realtist. Bungwe limenelo lilipo mpaka lero. NAR inatsutsa lamulo la Fair Housing Act la 1968, ndipo inadzapepesa poyera mu November 2020 kudzera mwa pulezidenti wake wa nthawiyo Charlie Oppler. Zaka 52 ndi zambiri kudikira kupepesa, ndiye kuwawa kwanuko sindikukuchepetsa.

Za milandu nazo ndi zoona. Pa 31 October 2023 khothi la ku Kansas City, Missouri, linagamula kuti NAR ndi makampani ena alipire pafupifupi madola 1.8 biliyoni pa nkhani ya makomishoni, mu March 2024 NAR inavomera kulipira madola 418 miliyoni kuti milandu ithe, ndipo kuyambira pa 17 August 2024 komishoni ya ejenti wa wogula saikanso pa MLS, komanso wogula asaine mgwirizano ndi ejenti asanayambe kuonetsedwa nyumba. Makampani akuluakulu a RE/MAX ndi Anywhere pa mgwirizano wawo wothetsa milanduyi anavomera kuti sazikakamiza anthu awo kukhala mamembala, kampani ya Redfin nayo inalengeza mu October 2023 kuti ikutuluka kumene zingatheke. Koma mumvetse bwino, kampani yaikulu kunena kuti sitikukakamiza sikunafufute kawerengedwe ka bilu ya DR. Ngati mwini ofesi ali membala, ma laisensi a pansi pake akuwerengedwabe. Ndiye nkhani yoti theka la ofesi likhale mkati theka kunja imathera m'thumba mwanu. Kutuluka kwenikweni ndi koti inuyo mwini mutuluke, ndipo mukatero anthu anu onse atuluka nanu, olo amene amafuna kukhala.

Inu muli ndi mwayi umene mlongo wa ku Texas uja alibe, ku Georgia MLS mutha kukhala nayo osakhala Realtor. Ndiye funso lanu ndi la zina zotsalazo. Mafomu a mgwirizano amene mumagwiritsa ntchito ndi a ndani, ndipo mukatuluka muwapeza bwanji, pa mtengo wanji? Kiyi wa lockbox akuchokera ku MLS kapena ku bungwe? Nanga mukakangana ndi broker wina pa komishoni? Mkati mwa bungwe, Article 17 ya Code of Ethics imati mikangano yotere pakati pa ma Realtor a makampani osiyana ipite ku arbitration ya bungwe osati kukhothi, anzanu a ntchito yomweyo amamva mbali zonse nkugamula kuti anabweretsa wogula ndani. Kwa broker wamng'ono chimenechi nchamtengo, chifukwa kukhothi kampani yaikulu ingokutopetsani ndi maloya. Pamenepa ndi pomwe ine ndimaona kuti ndalama ya umembala imabweza.

Mukandifunsa ine, ndingati musatuluke chaka chino. Itanani anthu anu, muike pa tebulo invoyisi ya chaka chatha ndi mndandanda wa zimene aliyense anagwiritsadi ntchito, aliyense anene, chifukwa mwa iwo muli wina amene makasitomala ake amamudziwa ndi dzina la Realtor ndipo mukatuluka adzakusiyani. Kulowa bungwe la ma Realtist sikufuna kuti mutuluke kwinaku, ambiri ali m'mabungwe onse awiri, ndiye mutha kuyamba ndi kupita ku msonkhano wawo wa m'dera lanu mwezi uno. Mukadzaganiza zotuluka ndithu, chitani kumapeto kwa chaka invoyisi yatsopano isanafike tsiku lolipira, mulembe kalata ku bungwe, muone kuti palibe dandaulo la ethics kapena arbitration limene likadali lotsegula pa dzina lanu, ndipo dzina la Realtor ndi chizindikiro chake cha R muchotse pa zikwangwani, makhadi, webusaiti ndi pansi pa imelo za anthu anu onse tsiku lomwelo.